Ndinaweruza Ana a Eni pa Masewera Amene Sindinkawadziwa

Pali mlandu umene wakhala ukundilemera mumtima kwa zaka ndithu, ndipo ndaganiza zouulula. Palibe khoti limene lingandizenge, chifukwa sindinabe kanthu ndiponso sindinaphwanye lamulo lililonse. Chimene ndinachita n'chakuti ndinavomera kuweruza ana a eni pa nkhani imene sindinkaidziwa, ndipo chigamulo changa chinamutsekera mnyamata wina njira ya maphunziro.

Nditasamukira ku Maryland, m'dziko la America, ndinapeza ntchito pa koleji ina yaing'ono, m'chipinda chosungira zipangizo zamasewera. Ndinkachapa majezi, kuwerenga zipewa zotetezera kumutu, kulemba mizere pabwalo komanso kuyendetsa minibasi ya timu. Kwathu ndinali mphunzitsi wa kusekondale, ndipo tikaweruka ndinkaphunzitsa anyamata mpira wamiyendo. Zimenezi ndinkazitchula kawirikawiri pocheza ndi anzanga a kuntchito. Munthu ukakhala kudziko la eni umafunitsitsa anthu adziwe kuti kwanu unali ndi ulemu wako.

Ku Maryland lacrosse ndi masewera a pamtima, moti mu 2004 boma la kumeneko linawasankha kukhala masewera a timu oimira chigawocho. Wosewera aliyense amanyamula ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto, ndipo ndi kaukondeko amawakha, kunyamula ndi kuponya kampira kolimba ka labala. Timu ya anyamata imakhala ndi osewera 10: goloboyi, otchinga kumbuyo atatu, apakati atatu ndi akutsogolo atatu. Ine ndinayamba ntchito nyengo ya masewera a m'makoleji itangotha mu Meyi, choncho ndinali ndisanaonerepo mpikisano kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pofuna kuti ndisaoneke mlendo, ndinayamba kuwerenga mbiri yake usiku. Ndinadziwa kuti eni ake enieni ndi anthu oyambirira a ku North America, ndipo a mtundu wa Haudenosaunee amawatenga ngati mphatso yochokera kwa Namalenga. Ndinadziwa kuti wansembe wachifalansa Jean de Brébeuf anawalemba m'zaka za m'ma 1630 atawaona pakati pa a Huron, komanso kuti mu 1867 dokotala wa mano wa ku Montreal, William George Beers, anakonza malamulo amene anakhala maziko a kaseweredwe ka lero. Ndinkatha kucheza za Jim Brown amene anawala ku Syracuse m'zaka za m'ma 1950, za bwalo la Homewood ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, ndi za Lyle Thompson wa mtundu wa Onondaga amene analandira mphotho ya Tewaaraton mu 2014 ndi 2015. Akochi a timu yathu ankandimvetsera uku akugwedeza mutu. Iwo ankaganiza kuti munthu wodziwa mayina onsewa amadziwanso zimene zimachitika pabwalo. Ine sindinawauze zoona.

Kuti mumvetse kukula kwa chimene ndinachita, muyenera kudziwa mmene mwana wa kusekondale amafikira pa timu ya kukoleji. Kale makochi a mayunivesite akuluakulu ankalimbirana ana aang'ono kwambiri, ena asanayambe n'komwe sekondale, n'kumawalonjeza malo. Mu Epulo 2017 bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji la NCAA linaletsa zimenezo m'gulu lapamwamba la Division I, ndipo linati kochi asalankhule ndi mwana za kumutenga lisanafike tsiku la 1 Sepitembala la chaka chimene ali mu giredi 11. Lamulolo linaletsa kulankhula, koma silinaletse kuonerera. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumachitika mipikisano ikuluikulu ya makalabu, kumene makochi amakhala ndandanda pamipando yopinda m'mphepete mwa bwalo, aliyense ndi kabuku kake. Mayunivesite akuluakulu amayamba kusankha, kenako makoleji aang'ono a Division III ngati yathu amabwera kudzaona amene atsala, ambiri mwa iwo atatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale.

Makolo amalowetsa ndalama zambiri m'zimenezi: fizi ya kalabu, zipangizo, mafuta a galimoto, malo ogona. Koma phindu lake la ndalama ndi lochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa kupereka ndalama zokwanira kulipirira ophunzira 12.6 okha, ndipo ndalamazo ankagawana osewera oposa 40. Mayunivesite a gulu lotchedwa Ivy League ndi makoleji onse a Division III sapereka sikolashipi ya masewera ngakhale pang'ono. Chimene mwana amapeza kumeneko ndi mawu a kochi omuchitira umboni ku ofesi yosankha ophunzira, ndipo akalowa amatha kupeza thandizo malinga ndi magiredi ake komanso kusowa kwa banja lake. Kwa mwana wochokera kubanja losauka, mawu a kochi amenewo amatha kusintha moyo wake wonse.

Tsiku lina mu Julayi, popita ku mpikisano wotere, wothandizira akochi anali kumaliro a bambo ake, ndiye akochi anandipempha kuti ndiyendetse galimoto. Ntchito yanga inali yomweyo basi. Tinafika pamalo a mabwalo ambirimbiri oyandikana, dzuwa likuswa mtengo, makolo atadzaza m'matenti. Cha kumasana kunachita mabingu ndi ziphaliwali, ndipo okonza mpikisano anaimitsa masewera onse. Atayambiranso, ndandanda yonse inasokonekera. Masewera awiri amene akochi ankafuna kuonera anagwera nthawi imodzi, wina kuno wina kumapeto kwenikweni.

Anandipatsa kabuku ka mayina ndi khadi. "Inu munaphunzitsapo mpira, maso muli nawo," iwo anatero. "Pitani ku bwalo lakumapeto lija mukandionere anyamata atatu awa. Onse anandilembera makalata kupempha kuti ndidzawaone. Mungolemba malikisi, kuyambira 1 mpaka 5. Mukuona kuti mukwanitsa?"

Apa ndi pamene ndikanalankhula zoona. Ndikanati ndingathe kujambula masewerawo pafoni kuti iwo akaonere okha madzulo. Koma mtima wanga unasangalala kuti kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dzikolo munthu akundifunsa maganizo anga osati kundituma. Ndinayankha kuti, "Musadandaule akochi, ndikwanitsa."

Ndinakakhala pakati pa makochi a makoleji ena. Pafupi ndi dzina la mnyamata aliyense panali nambala ya jezi, sukulu yake, chaka chimene adzamalize sekondale, ndi zilembo zosonyeza malo amene amasewera. Zina mwa zilembozo sindinazimvetse. Bambo amene anakhala pambali panga anali wansangala, anandipatsa ngakhale madzi akumwa, ndipo ndikanamufunsa akanandifotokozera. Ndinachita manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phulalo anadya ndi ana a eni.

Mnyamata woyamba anayamba masewera atawerama pakati pa bwalo, ndodo yake ili pansi moyang'anizana ndi ya mnzake. Wezulo italira analimbana, mpira unatuluka, iye anautola n'kupatsira mnzake, kenako anathamangira kunja kwa bwalo ndipo wina analowa m'malo mwake. Chigoli chitalowa anabweranso, n'kuchita chimodzimodzi. Masewera onse anali choncho. Mu mpira wamiyendo wosewera wotuluka msanga amakhala kuti wavulala kapena watha mpweya, ndiye m'kope langa ndinalemba m'Chichewa kuti, "Sachedwa kutopa, aphunzitsi ake samukhulupirira." Pakhadi ndinamupatsa 2.

Wachiwiri anali wakutsogolo, wochepa thupi. Nthawi yambiri ankakhala kuseri kwa golo ya adani. Mnzake akaponya mpira n'kuphonya, iye ankathamangira kumzere wakumapeto ngati akuthawa nkhondo imene inali kutsogolo. Sanamwetse chigoli n'chimodzi chomwe. Ndinalemba kuti, "Wamantha, amabisala." Nayenso 2.

Wachitatu anali goloboyi. Ndinayang'ana golo yake, yaing'ono, mamita 1.83 m'litali ndi m'lifupi momwe, n'kuiyerekezera ndi ya mpira wamiyendo imene imatalika mamita 7.32. Ndinadziuza kuti pa kagolo kotere munthu sayenera kuchinyitsa. Timu yake inali yofooka ndipo adani ankangomuponyera mipira motsatizana. Ine ndinkawerenga yolowa yokha. Mnyamatayo ankakuwa masewera onse, kutchula mawu amene sindinkawamva, ndipo ndinaganiza kuti akukalipira anzake chifukwa cha zolakwa zake. Ndinamupatsa 1.

Maso anga anatengeka ndi wina amene sanandituma kuti ndimuone. Anali wamtali, wa mapewa otakata, ndipo akagwira mpira ankangolunjika kugolo, anzake n'kumagwa uku ndi uku. Anamwetsa zigoli zambiri ndipo makolo ankaimirira kumuombera m'manja. Ndinalemba nambala yake pansi pa khadi, n'kuikapo 5, n'kudula mzere kunsi kwake. Ndinaona kuti makochi ena sankalemba kanthu iye akamwetsa, koma ndinaganiza kuti anali atamulemba kale.

Pobwerera akochi anali otopa ndipo foni yawo inkangolira. Anayang'ana khadi lija mwachidule n'kufunsa ngati panali wina woti timutsatire. Ndinayankha motsimikiza kuti mwa atatu aja palibe, koma ndawapezera wina. Kope langa la zifukwa linatsala m'thumba. Akanamva ngakhale chifukwa chimodzi, akanazindikira nthawi yomweyo kuti sindikudziwa chimene ndikunena. Kochi wa koleji yaing'ono amalandira makalata ambirimbiri ndipo womuthandiza amakhala mmodzi, choncho dzina likachoka pamndandanda silibwereranso. Anyamata atatu aja analandira mayankho aulemu owafunira zabwino kwina.

Chizindikiro choyamba chinabwera masamba atayamba kuyoyoka, pamene wamtali uja anabwera kudzayesedwa pakoleji pathu limodzi ndi anyamata ena. Osewera athu otchinga kumbuyo, onyamula ndodo zazitali, anangomutsekera kudzanja lamanja basi. Kumanzere sankatha kuponya kapena kuwakha. Mpira ukachoka m'ndodo yake ankangoima. Mapepala ake anasonyeza kuti anabwereza kalasi mwadala, chizolowezi chimene mabanja ena opeza bwino amachita kuti mwana azipikisana ndi ana ochepa msinkhu. Tsiku lija ankagwetsa ana amene anali asanakhwime ngati iye. Magiredi akenso sanafike pamene koleji yathu imafuna. Akochi sanandinene. Anangoti zimachitika.

Choonadi chonse chinandifika nyengo ya masewera itayamba mu Febuluwale. Ndinapatsidwa ntchito yojambula kanema, ndipo wothandizira akochi uja ankandifotokozera chilichonse moleza mtima. Pa masewera oyamba ndinaona wosewera wathu akuwerama pakati pa bwalo, kulanda mpira, kupatsira, n'kuthamangira kunja, ndipo benchi yonse inamulandira ndi chisangalalo. Thupi langa lonse linazizira. Imeneyo ndiyo ntchito yake. Kulimbirana mpira kumeneku, kumene amati faceoff, kumachitika poyamba pa chigawo chilichonse komanso chigoli chikalowa, ndiye timu yokhala ndi katswiri pamenepo imatha kumwetsa n'kutenganso mpira adani osaukhudza. Matimu amasunga munthu wa ntchito imeneyi yokha, ndipo amasowa.

Ndinaphunziranso kuti kuseri kwa golo kuli malo a mamita pafupifupi 14 amene amaseweredwa, ndipo woima kumeneko ndiye amaona bwalo lonse n'kumagawa mipira kwa omwetsa. Mpira woponyedwa kugolo ukatuluka kunja, umaperekedwa kwa timu ya wosewera amene anali pafupi nawo kwambiri potuluka. Mnyamata amene ndinamutcha wamantha ankathamangira kumzere kuti timu yake isataye mpira. Za goloboyi ndiye zinandipweteka koposa. Pa lacrosse kampira kamatha kuthamanga makilomita oposa 130 pa ola, ndipo goloboyi wogwira yopitirira pang'ono theka la mipira yolunjika pagolo amatengedwa kuti ndi wabwino. Kukuwa kwake ndi gawo la ntchito: amauza otchinga kumene kuli mpira ndiponso amene ayenera kupita kukathandiza.

Ndinakhala chete kwa kanthawi, ndikudziuza kuti zapita. Koma tulo sitinkabwera. Usiku wina ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Bambo, akanakhala mwana wathu amene waweruzidwa chonchi, mukanafuna kuti wolakwayo akhale chete? Mawa mukawauze abwana anuwo."

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya akochi ndi kope lija, n'kuwamasulira mzere uliwonse. Anakhala phee kwa nthawi yaitali. Kenako anati vuto linayambira kwa iwo, chifukwa anatuma munthu asanamuyese, koma anawonjezera kuti anandifunsa ngati ndikwanitsa ndipo ndinavomera. Mawu onse awiri anali oona. Okonza mpikisano uja ankajambula masewera onse, ndiye tinapeza kanema wake n'kuonera limodzi. Wa faceoff uja analanda mpira pafupifupi nthawi zonse. Wamng'ono uja ndiye anapatsira mipira imene inabala zigoli zochepa zimene timu yake inapeza, ndipo ankaponya ndi manja onse awiri. Goloboyi anagwira mipira yambiri kuposa imene inalowa, ina yoponyedwa ali pafupi kwambiri, ndipo akagwira ankaponya molunjika kwa mnzake wothamangira kutsogolo. Akochi anaimitsa kanema n'kunena motsitsa mawu kuti ameneyu akanamutenga.

Analembera onse atatu. Awiri anali atapeza kale malo m'makoleji ena. Za goloboyi anayankha mayi ake. Anathokoza mwaulemu, n'kufotokoza kuti mpikisano uja unali womaliza umene akanatha kulipira, ndipo ndalama zake anazipeza pogwira ntchito maola owonjezera. Makochi ena amene anali ku bwalo lakumapeto lija sanabwere kudzaona goloboyi wa timu yofooka. Mnyamatayo atalandira yankho lathu anasiya kalabu n'kuyamba ganyu, ndipo anali atakonza zokalowa koleji ya zaka ziwiri ya pafupi ndi kwawo, kumene kunalibe timu. Nthawi yolembetsa pakoleji pathu inali itadutsa ndipo malo a goloboyi anali atapatsidwa wina. Ndinapempha chilolezo kuti nanenso ndiwalembere mayiwo. Ndinawauza kuti amene anaona mwana wawo tsiku lija sanali kochi koma ine, kuti ndinalakwitsa, ndiponso kuti kochi weniweni ataona kanema anamuyamikira kwambiri. Ndinawapempha kuti amuuze zimenezi, asamakhale akuganiza kuti analephera.

Kuyambira pamenepo ndakhala pambali pa makochi nthawi zambiri, ndikumvetsera. Odziwa ntchito sayang'ana kwambiri zigoli, chifukwa pa mipikisano ya makalabu anyamata amakhala asanazolowerane ndipo kutchinga kumakhala kofooka. Amayang'ana zimene mwana amachita mpira uli kwa wina, ngati akuyenda kuti atsegulire mnzake mpata kapena wangoima. Amayang'ana amene amalowa pakati pa ndodo zambiri kukatola mpira wogwa pansi, mapazi a wotchinga, ndi dzanja lofooka la woponya. Amaona mmene mwana amachitira akalakwitsa, mmene amayankhira oimbira, ngakhale mmene amalankhulira ndi makolo ake masewera akatha. Amafunsa tsiku lobadwa, chifukwa ana a kalasi imodzi amatha kusiyana ndi chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo wamng'ono lero angadzapose onse akadzakhwima. Amafunsa magiredi asanakopeke mtima. Ku Division I bungwe la NCAA limafuna kuti mwana akhale ataphunzira maphunziro 16 ofunikira ndi kupeza avareji ya magiredi (GPA) yosachepera 2.3, ndipo makoleji ambiri otchuka pa lacrosse amafuna zoposa pamenepo. Koposa zonse, kochi wabwino sagamula ataona kamodzi. Amaimbira foni mphunzitsi wa kusekondale, amaonera kanema wa masewera athunthu osati tizidutswa tosankhidwa, ndipo amabweranso.

Pamenepa ndi pamene pali chisalungamo chimene kulakwa kwanga kunandionetsa. Mwana wa banja lolemera amaonedwa kambirimbiri, pa mipikisano yambiri, ndi maso ambiri. Wina akamuweruza molakwika, sabata yotsatira wina amakonza. Mwana wa banja losauka nthawi zina amakhala ndi tsiku limodzi, pa bwalo limodzi, pamaso pa munthu mmodzi. Masewerawa akukula, moti abwereranso ku Olimpiki ya ku Los Angeles mu 2028 kwa nthawi yoyamba ngati mpikisano wa mendulo chichokereni mu 1908, ndipo ana ofuna kuonedwa adzachuluka kuposa makochi owaona. Ntchito yambiri idzagwera othandizira, ongodzipereka ndi otumidwa mwadzidzidzi ngati mmene ndinalili ine.

Choncho ndikulankhula ndi inu nonse amene mumapatsidwa cholembera kuti muweruze mwana wa munthu wina, kaya pabwalo, m'kalasi kapena posankha olandira thandizo la maphunziro. Ngati nkhaniyo simukuidziwa, nenani msanga, ntchito isanayambe. Ngati mukuidziwa, lembani zifukwa zanu pambali pa malikisi kuti wina athe kukutsutsani. Funsani zaka za mwanayo, ndipo funsani kuti ndani winanso wamuona. Mukapeza kuti palibe, musamuchotse pamndandanda mpaka wina wodziwa amuonenso. Manyazi onena kuti "sindikudziwa" amatha tsiku lomwelo, koma chigamulo cholakwika mwana amayenda nacho zaka zambiri.